Mawaya a mlamu wanga

Tiyi wam'mawa wandikanika kumwa chifukwa cha zomwe ndalota.

Ndinalota ndili kukampani komwe ndinagula galimoto, kukadandaula za kanyali kofiira kamene kakungoyaka padashibodi. A Phiri, makaniko wamkulu amene timapemphera mpingo umodzi, anandifunsa monga anandifunsira tsiku lomwe ndinakaisiya: "Achimwene, palibe wagwirako mawayawa? Paja akagwira munthu wina, ife sitikonzanso ulere."

"Palibe," ndinatero. Lilime langa linkawawa ngati ndanyambita batire.

Atalumikiza kompyuta yawo kugalimoto, m'malo moonetsa vuto inayamba kuimba nyimbo za pachinkhoswe cha mchemwali wanga, tsiku limene mlamu wanga Yohane anadula mawaya a galimoto yangayo n'kumangirira masipika m'buti. Mawayawo anayamba kutuluka pansi pa boneti ngati mizu ya mbatata, onse okulungidwa ndi jumbo yakuda, akununkha kupserera. Amakaniko onse anali kuvina, kufupa mabawuti m'lichero. A Phiri okha sanavine. Anavula ovolosi, n'kuipinda bwinobwino, kuipereka kwa bwana wawo, n'kutuluka pageti opanda nsapato. Ndinkafuna kuwaitana, koma m'kamwa munadzaza waya.

Mwina ndi nyemba zomwe ndinadya dzulo, kaya. Maloto satsata njira.

Koma ndili chikhalire ndi tiyi wozizirayu, foni yalira. A Phiri.

"Achimwene, galimoto yatheka, bweranitu. Abwana amakayika zoti palibe wagwirako mawaya, koma ndawauza kuti inu ndi mkulu wa mpingo, simunganame."