Palibe Wafa

Ndinalota mayiko oyandikana nafe ataipatsa chilango wailesi ya boma lathu. Anati yanama mokwanira za nkhondo, ndiye mawu ake asawolokenso mtsinje wa m'malire. Mawuwo akafika pamlatho ankabwerera n'kudzagwera m'nyumba zathu ngati ngumbi zothothoka mapiko. Ine ndinali kuwasesa pabalaza, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi: "Palibe wafa."

Mlongo wanga Nyozani anapita kunkhondoko mvula isanagwe, ndipo chipitireni sitinamve kanthu. Kwathu munthu akafera kutali timamva pa mauthenga a maliro a pa wailesi, kenako timayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Koma mauthengawo anali atawachotsa. M'malo mwake ankaika nyimbo za ng'oma, zovina ndithu.

M'malotomo ndinatsegula chitseko cha kuchipinda kuti ndikatenge dengu lowolera, ndipo kuseri kwake kunali mtsinje uja. Pakati pa mlatho panakhala a Mlanjira, owerenga nkhani, amene liwu lawo ndinakula nalo. Ndinakhumudwa nditawaona. Liwu lonse lija, mwini wake kamunthu kowonda chonchi! Anavala tayi koma kumapazi kunalibe kanthu, chifukwa nsapato zawo zinali zogula kunja ndipo zitamva za chilango zinanyamuka zokha kubwerera kwawo. Maikolofoni anaimangirira m'khosi mwawo ndi chingwe cha mbuzi.

Kutsidya, asilikali anaima pamzere m'madzi ofika m'mawondo. Nyozani ndinamuzindikira ndi khutu lake lopindika lija.

"Zikomo a Mlanjira," ndinatero nditagwada. "Uyo waima apoyo ndi mlongo wanga. Kodi ali moyo?"

"Mayi, malinga ndi zomwe tapatsidwa, palibe wafa."

"Akunama," inatero maikolofoni. "Ine malovu awo ndatopa nawo."

Nyozani anayankhula osakweza mawu, koma ndinamumva ngati ali pambali panga. "Achemwali, sitingalowe m'mudzi tisanalengezedwe. Adzukulu sakumba manda a munthu amene wailesi ikuti ali bwino. Tazizidwa muno."

Ulemu unandithera. Ndinawagwira tayi a Mlanjira. "Tchulani dzina lake basi. Limodzi lokhalo. Enawo abale awo abwera okha."

Anayesa, ndisawanamizire. Anakonza kukhosi, natsegula pakamwa kuti anene kuti Nyozani, koma chinatuluka ndi "Palibe wafa." Anayesanso mpaka misozi. Kenako analowetsa zala m'kamwa, nalikoka dzinalo ngati munga wa nsomba, nalipereka kwa alonda a chilango amene anaima kumapeto kwa mlatho atavala magolovesi oyera.

Mlonda wamkulu analitembenuza uku ndi uku, nalibweza.

"Ili ndi loona, bwana," ndinatero. "Liloleni liwoloke, mwini wake alimve."

"N'kutheka, mayi. Koma zochokera pakamwa apa sitisankha. Zonse zimabwerera."

Dzinalo linagwera m'madzi n'kumira. Madzi anali atafika m'chifuwa mwa asilikali aja.

"Musadikire wailesi, achemwali," anatero Nyozani. "Kayaleni masamba pamsewu. Tikawaona tidziwa njira."

"Boma likumanga aliyense wolira maliro osalengezedwa," ndinamuyankha. "Komanso ine sindinaone mtembo wako. Ndikayala masamba uli moyo, ndiye kuti wakupha ndine."

"Mukapanda kuyala, ndikhala muno."

Madzi anafika pachibwano chake. Khutu lopindika lija ndi limene linatsala pamwamba. A Mlanjira anawongola tayi, nayamba kuwerenga za nyengo.

Ndinadzuka kunja kutayera kale. Wailesi ya kwa aneba inali kulira, ndipo liwu linali lomwelo, lodekha, lonenepa, likuti asilikali athu onse ali bwino. Ndinatenga chikwanje kuseri kwa chitseko n'kukaima pansi pa mtengo wa mango wa kumsewu. Ndinayamba kudula. Nthambi yoyamba itagwa, amayi anatuluka m'nyumba ali ndi mswachi m'manja. Anayang'ana nthambiyo, kenako ine.

"Iwe Nasiwelo," anatero, "masamba amenewo ndi a ndani?"