Kirti Atasiya Kupita Kumwezi

Omwati sankadya atakhala pansi. Ankayamba wapakulira mwamuna wake Dharambir ndi mwana wawo wamwamuna Jaideep, iye n'kumapala m'mapoto ali chiimire. Kirti, mwana wawo wamkazi, anatengera zomwezo. Mkaka wa njati yawo yoweta unkathera m'kapu ya Jaideep poti ankachita masewera ogwetsana. Komatu Kirti nayenso ankagwetsana, ndipo mamendulo onse a pakhoma anali ake.

Mpikisano wa mumzinda wa Rohtak utayandikira, Kirti anachepetsanso kudya kuti sikelo isamukane pagulu la atsikana opepuka. Chapati imodzi, basi. Kenako anayamba kutsimphina.

Koma chimene chinasowetsa Omwati mtendere si mwendowo. Mapadi amene ankamugulira ankangokhala osatsegula, mwezi ndi mwezi. Ndipo mwanayu ankatandala pabwalo lodzaza anyamata. Kwathu kuno ku Haryana, m'dziko la India, nkhani yotere ikaphulika, mtsikana amachoka pabwalo lero, mawa akumufunira mwamuna. Nthawi zina zimaipa kuposa apo.

Omwati anamupanikiza Kirti kukhola.

"Iwe, ndiuze zoona. Ndi ndani?"

"Ndani uti, amayi?"

"Usandiyese chitsiru. Kumwezi unapita liti?"

"Ndinasiya kalekale. Anzanga amati ndi mwayi, sujomba kubwalo."

"Bambo ako akamva, tafa tonse."

Omwati ananamiza mwamuna wake kuti akukagula nsalu, n'kupita naye kuchipatala. Dokotala Sheoran, mayi wa imvi, anamuyeza Kirti n'kumujambula mwendo. Omwati anadikira atafunda mpango kumaso.

"Mayi, pumani," anatero dokotala. "Mimba palibe. Mwanayu ali ndi njala."

"Njala? Ifetu tili ndi njati!"

"Mkaka wake akumwa ndani?"

Omwati anayang'ana Kirti, dokotala n'kupitiriza.

"Thupi la mtsikana likamagwira ntchito yaikulu koma chakudya chili chochepa, limatseka msambo. Msambo ukasiya, mafupa amafooka. Onani mng'alu uwu pafupa la msongolo. Akapitiriza, lidzathyoka ali pakati pogwetsana."

"Ndiye ku Rohtak sindipita?" Kirti anafunsa.

"Chaka chino ayi, mwanawe. Ukakakamira, mwina sudzapitanso."

Kunyumba, Omwati anaika chithunzi cha fupa pambali pa mbale ya mwamuna wake. Anafotokoza zonse, za msambo zomwe.

"Amake Jaideep, zimenezo n'zokamba pachakudya?" anakalipa Dharambir. "Mkaka ndi wa mnyamata, ndiye akufunika mphamvu."

"Mnyamata uti? Uyu amagwa ngati thumba la tirigu, atamwa njati yonse?"

"Amayi!" anadandaula Jaideep.

"Khala chete, iwe. Bambo, mamendulo mumadzitama nawo kwa anzanuwo mudzawakoloweka pandodo ya mwana wanu."

Dharambir anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Lingathyokedi?"

"Kafunseni nokha adokotala."

Dharambir anangotenga mtsuko wa mkaka n'kudzaza kapu ina ya Kirti.

Kirti anapuma miyezi ingapo, akudya mphodza, chambiko ndi mtedza mpaka kukhuta. Dokotala Sheoran anabwera kubwalo kudzalankhula ndi atsikana, ndipo ena angapo anaulula kuti nawonso anasiya kusamba. Msambo wa Kirti unabwerera, fupa linapola, thupi linadzaza.

Makolo inu, mtsikana wochita masewera akasiya kupita kumwezi, musathamangire kumuganizira zoipa, komanso musati ndi mwayi. Ndi chizindikiro chakuti thupi lavutika. Pitani naye kuchipatala, ndipo adye mofanana ndi mlongo wake.

Mpikisano utafikanso, mphunzitsi wake wa zogwetsana anamuuza kuti achepetse thupi, abwerere pagulu lake lakale.

"Kwa olemerako kuli zimphona, akakupinda ngati chapati," anamuopseza.

Kirti ankaziopadi zimphonazo. Anaziganizira njira yonse yobwerera kunyumba. Atafika anapeza bambo ake pakhomo.

"Abambo, ndikagwetsana ndi olemera. Njala ija sindiibwereranso."

"Akakugwetsa?"

"Ndikadzuka. Miyendo ndili nayo."

Kirti analowa m'nyumba, n'kulongedza m'chikwama nsapato, zovala, chitini cha mtedza ndi paketi ya mapadi. Anatseka zipi, n'kuchiika pafupi ndi chitseko.