Galimoto ya Ankolo Kumapeto kwa Mzere

Matenda a Fumbani anali ntchito yake. Kufakitale ina ya magalimoto kunja kwa Birmingham, iye ndiye ankakonza mzere wa magalimoto opita kukapentedwa, akadali zigoba zopanda matayala. Oyera aziyenda ndi oyera anzawo, ofiira ndi ofiira, chifukwa kusintha mtundu kumafuna kutsuka mapaipi, penti n'kutayika. Galimoto ya mtundu wayokha imaima pambali kudikira ina yofanana nayo. Zimenezi ankazilalikira paliponse, ngakhale pachakudya cha kutchalitchi, anthu mpaka kumeza osatafuna kuti athawe.

Ndiye pa ukwati wa Dinnah, nesi wa ku Dudley, komiti inampatsa udindo wokonza mdipiti wa magalimoto wopita kuholo ku Aston. Fumbani anakondwa zedi. Ankafuna kukwatira Anita, mng'ono wake wa Dinnah, ndipo apa ndiye panali poti aonekere kwa a Ackson, malume a atsikanawo, amene mawu awo sankabwezedwa pabanjapo.

Tsikulo Fumbani anavala chijekete chowala cha kuntchito pamwamba pa suti, n'kuyamba ndi magalimoto oyera. Pambuyo pa akwati panabwera kaveni koyera ka DJ, kopindika chitseko.

A Ackson anatsitsa windo la chigalimoto chawo chakuda, chotsukitsa dzulo lake.

"Mphwanga, ine ndili pati pa line?"

"Black imakhala last, ankolo. Komanso muli nokha, ndiye imani kaye pambali, mwina tipeza ina. Kuntchito timatero, it saves time."

Mkuluyo anangokweza windo.

Maloboti a m'njira anawadula a Ackson pamzere. Pofika kuholo, mawu a banja anali atalankhula kale a Osborne, mlamu wawo amene sankamwerana naye madzi.

Patapita masabata, Fumbani anapita kwa a Ackson ku Nuneaton ndi nkhoswe yake kukafunsira Anita. Mkuluyo anawalandira bwino, tiyi ndi mandasi, n'kumvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Tamva," anatero a Ackson. "Koma problem ndi yoti mnyamatayu pa mtundu wake ali yekha. Chitsiru chimodzi sitingachitsukire mapaipi. Aime kaye pambali, zikapezeka zinzake tidzaziyankha pamodzi."

Kukhitchini Anita anaphulika nako kuseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunamuwawa Fumbani kuposa mawu a ankolo.