Zitsulo za m'Chitini cha Mabisiketi

A Lazarus sankatha kudutsa chitsulo cha dzimbiri osachigwira. Kwawo ku Lizulu anakonza njinga zaka makumi awiri, ndipo bambo awo, omwe ankasula makasu, anawasiyira mawu akuti chitsulo sichifa ndi ukalamba, chimafa ndi ulesi wa mwini wake.

Ku Hull, ku Mangalande, iwo ndi akazi awo, a Asimenye, ankakhala m'nyumba imene anapatsidwa podikira yankho la pempho lawo lokhala m'dzikomo ngati othawa kwawo. Ntchito sankaloledwa kugwira, choncho manja ankawayabwa. Mwayi wake, mphepo ya m'tauniyo ndi yonyowa komanso yamchere, imadya chitsulo chilichonse. Anayamba ndi mahinjesi a zitseko, kenako geti, kenako njinga za anthu a kutchalitchi.

Tsiku lina akusesa m'kashedi ka kuseli kwa nyumba, thabwa lowola linathyoka, pansi pake n'kuonekera chitini chakale cha mabisiketi. M'katimo munali zitsulo zisanu zokulungidwa m'nyuzipepala, zotupa ndi dzimbiri ngati mbatata zongokumba kumene. Anaganiza kuti mwina ndi za loko wamkulu kapena za makina osokera. Anachita zimene ankachita ndi tcheni chilichonse chouma: anaziviika m'palafini masiku atatu, n'kuyamba kukwecha pang'onopang'ono ndi kawaya kotsukira mapoto.

Dzimbiri litayamba kuyoyoka, pansi pake panatuluka mtundu umene unawaimitsa. Malo ena chinali chitadyeka, koma malo ambiri chitsulocho chinali chakuda mobiriwira, ngati phiko la khwangwala padzuwa. Anakanda ndi chikhadabo. Sinali penti. Bambo awo ankadetsa nkhwangwa poiotcha n'kuinyika m'mafuta kuti isachite dzimbiri msanga, koma izi zinali za mmisiri wina woposa.

"Amene anapanga izi ankalemekeza chitsulo," anadziyankhulira.

Kampope kataonekera bwino, mtima unawanong'oneza kanthu, koma manja sanamve. Anapukuta chilichonse, n'kupaka oyilo mpaka m'timakona.

Lachitatu masana anayala zitsulozo patebulo la kukhitchini. Monga ankachitira ndi habu ya njinga, anaziika chilichonse pafupi ndi chinzake chimene chinkaoneka kuti chimagwirizana nacho. Atabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, anazindikira kuti si loko ayi.

A Asimenye analowa ndi jumbo ya anyezi. Jumboyo inagwa pansi.

"Mayo ine! Bambo a Fanny, mfuti m'nyumba muno?"

"Sindimadziwa, mayi. Ndimayesa loko."

"Loko! Loko wake wa nyumba ya ndani wokhala ndi mpope?"

Lolemba lotsatira anali oti akaonekere kukhoti ku Bradford, kumene woweruza akagamule komaliza ngati atsale kapena abwezedwe. Loya wawo anali atawachenjeza kuti asapezeke ndi mlandu uliwonse, ngakhale wokwera basi opanda tikiti. A Lazarus anatseka makatani dzuwa likuswa mtengo. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu inkamveka ngati yaima pakhomo pawo.

A Asimenye anaimbira foni a Agatha, namwino wa kutchalitchi kwawo amene anakhala ku Mangalande zaka khumi ndi ziwiri. Anabwera ali m'yunifomu. Ataona patebulopo, anaika manja kumbuyo ngati zitsulozo ziwalumphira.

"Achimwene, kuno mfuti yaing'ono ngati iyi saloleza munthu wamba. Kungopezeka nayo, zaka zisanu kundende. Ndani wakhudza?"

"Ine ndekha."

"Mwangokhudza, kapena?"

"Ndatsuka. Ndapakanso oyilo."

A Agatha anakhala pampando mwadzidzidzi.

"Inu a Lazarus inu! Mukanazisiya ndi dzimbiri lake, ngakhale mwana akanaona kuti ndi za makedzana. Dzimbiri lija ndiye linali mboni yanu. Tsopano taonani, zikuwala ngati mwagula dzulo, zala zanu paliponse."

"Ndiye tikataye mumtsinje," anatero a Lazarus.

A Agatha anapukusa mutu. "Mukwere basi mfuti ili m'chikwama? Makamera ali pakona iliyonse? Akakuimitsani mukati mukupita kukawedza?"

"Tikwirirenso momwe zinalili."

"Eni nyumba amayendera mwezi uliwonse," anatero a Asimenye. "Thabwa lija mwathyola kale."

A Agatha anati njira ndi imodzi, kuitana apolisi okha. A Lazarus anapempha masiku awiri. Anali ndi nzeru yawo: ngati mboni inali dzimbiri, aliitanenso libwere.

Munthu amene moyo wake wonse ankathamangitsa dzimbiri anayamba kulinyengerera. Anasungunula mchere m'madzi, ananyowetsa sanza, anakulunga zitsulozo n'kuziika m'kashedi, pamene denga limadontha. Ankapitako m'mawa, masana ndi madzulo, akusuzumira kaye pampanda ngati wakuba. Chakudya ankangochisiya m'mbale. Wa makalata atagogoda Lachinayi, a Lazarus anapezeka aima kuseli kwa chitseko cha kubafa, osadziwa kuti afikako bwanji.

Lachisanu m'mawa anamasula sanza ija. Madzi anali ataima timadontho pamwamba pa oyilo, ngati mame patsamba la koko. Dzimbiri linangogwira timadontho tiwiri m'malo odyeka kale. Kwina konse kunali kwakuda bii, kosalala. Mmisiri wakale uja ndi iwo anali atagwirizana bwino kwambiri pa ntchito yawo.

Anabwerera m'nyumba, nakhala pansi penipeni, osati pampando.

"Zakana, mayi. Ndinapaka bwino."

"Kuyambira kale mumapaka bwino," anatero a Asimenye mofatsa. "Sambani m'manja. Tiwaitane a Agatha aimbe foni ija."

Apolisi anabwera awiri, mayi wachitsikana ndi bambo wa imvi wovala magolovesi. A Lazarus anaimirira manja ali poonekera, monga a Agatha anawalangizira. Chingerezi chonse chimene ankachidziwa chinathawa, moti a Agatha ndiwo ankamasulira.

Wa imviyo anayang'ana zitsulozo nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti wazisamala chonchi ndani.

"Ndine, bwana."

Anafunsanso chifukwa chake.

A Lazarus akanamuuza bwanji mzungu za bambo awo ndi makasu?

"Zinali ndi dzimbiri," anatero basi.

Apolisi aja anayang'anana. Wachitsikanayo analemba kanthu m'kabuku, ndipo kulembako kunatenga nthawi. Kenako ananena mwaulemu, koma mosamwetulira, kuti chimene akuona iye ndi mfuti yosamalidwa bwino. Kodi pali chilichonse chosonyeza kuti anaipeza ili yowonongeka? Chithunzi cha pafoni mwina?

Panalibe chithunzi. A Lazarus m'maganizo mwawo anaona ndende, anaona ndege, anaona akazi awo akutsika okha pa Chileka.

Apo a Asimenye anayankhula, osati kwa apolisi koma kwa amuna awo, ndi mawu a tsiku ndi tsiku a m'nyumba.

"Nanga mabotolo anu onyansa aja? Aja ndakhala ndikukuuzani kuti mutaye?"

Kwawo palafini sataya. Ukatsukira chitsulo umamuthira m'botolo kuti adikhe, wapamwamba n'kudzagwiritsanso ntchito. Pawindo la kashedi panali mabotolo atatu a jamu, lililonse lili ndi nsenga zofiira zokwana zala ziwiri pansi pake. Chitini chija chinali pomwepo, a Lazarus atasungiramo misomali. Atakhuthula misomaliyo, pansi pa chitinicho panaoneka zithunzi zisanu za dzimbiri, chilichonse ndi maonekedwe a chitsulo chimene chinagonapo. Ngakhale nyuzipepala ija sanataye. Anaiyanika kuti adzakulungire masipanala.

Wa imvi uja anagwada, natenga kachidutswa kamodzi ka nyuzipepalayo mosamala, n'kukayang'anitsa kowala. Anaitana mnzakeyo namuonetsa pakona pake. Chaka chinkawerengeka: 1968.

Anafunsa kuti a Lazarus anabadwa liti.

"Sikisite naini, bwana."

Wapolisiyo anaseka pang'ono, koyamba chilowereni. Anatenga chitsulo chimodzi n'kuchiyerekeza pamwamba pa chithunzi chake m'chitinimo. Chinakwana ndendende.

Komabe anawatenga kupita nawo kupolisi kuti akafotokoze zonse molemba. Anakhalako maola anayi. Pomaliza anawauza kuti zitsulo, chitini ndi mabotolo zitsala kuti akaziyeze, koma iwo sakuimbidwa mlandu. Anawapatsa kapepala kosonyeza kuti anapeza chinthucho n'kuchipereka okha, kuti akampatse loya wawo. Wa imviyo powaperekeza pakhomo anati ntchito yawo ndi yaukhondo, koma tsiku lina akadzapeza chinthu pansi pa thabwa, adzayambe aimba foni.

Lolemba m'mawa anaima pamalo okwerera basi, atavala jekete la kutchalitchi, kapepala kaja kali m'thumba la pamtima. Ankakagwiragwira kuti amve ngati kakadalipo. Za kwa woweruza sankadziwa kuti zikatha bwanji, koma ankapitako ndi dzina loyera.

Pa mzati wa chikwangwani cha basi panali bawuti yofiira ndi dzimbiri, yotupa, yomvetsa chisoni. Dzanja la a Lazarus linanyamuka lokha.

"Bambo a Fanny," anatero a Asimenye osatembenuka n'komwe, "manja m'thumba."