Phazi la a Dionisio

Padatsala mphindi makumi awiri kuti ukwati uyambe pamene mayi Remedios Tupas adaponda chopondera chawo kachitatu, koma tsamba osatembenuka. Iwo ndiwo ankaimba limba m'tchalitchi cha ku Dumangas. Chichokereni mkuntho umene udaononga mabuku awo onse, nyimbo ankaziwerenga pa tabuleti. Manja awiri akatanganidwa pa limba, phazi linkaponda kachipangizo kopanda nthambo, ndipo tsamba linkatembenuka lokha.

"Isyo!" adaitana amuna awo motsitsa mawu, pakuti munthu woleredwa bwino sakuwa m'nyumba ya Mulungu, ngakhale mtima utawira chotani. "Tabwerani kuno. Tabuleti yangayi mwaitani?"

A Dionisio, amene adapuma pantchito yokonza mawailesi koma manja awo osapuma, adafika akumwetulira.

"Ndaikometsa, mayi. Dzulo ndidaikamo pulogalamu yatsopano yoyendetsa zonse. Anthu wamba adzaiona mu Seputembala, koma ife oyesera tailandira kale. Taonani kuwalako, ngati galasi!"

"Oyesera? Ndiye kuti eni ake sanamalize kuipanga?"

"Yatsala pang'ono chabe. Pa intaneti anzanga akuti ilibe vuto."

"Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Anzanuwo ali ndi ukwati lero?"

Bamboyo adazimitsa tabuleti, nayatsanso. Adasintha mabatire a chopondera, nachipemerera ngati moto. Tabuleti idakana kuchizindikira.

"Bwezeranimo yakale ija."

"Kubwezera kumafufuta zonse, mayi. Ndi nyimbo zomwe."

"Nanga nyimbozo mudazisunga pena?"

A Dionisio adayang'ana kudenga, ngati kuti yankho lidalembedwa kumeneko.

Mkwatibwi adali Jovelyn, mwana wawo wa ubatizo, ndipo adasankha kulowa ndi nyimbo yachilendo ya masamba asanu ndi awiri, imene mayi Remedios sadailoweze pamtima. Kuchotsa dzanja pa limba kukadaidula nyimboyo kasanu ndi kamodzi, mwanayo ali pakati pa tchalitchi.

Bambo mfumu adasuzumira pakhomo. "Galimoto ya mkwatibwi yafika. Zonse zili bwino?"

"Zili bwino, Bambo," adayankha mayiwo mwaulemu. Kenaka adatembenukira kwa amuna awo. "Imani apa. Muzitembenuza ndi chala."

"Ine timadontho ta nyimboti sindidziwa kuwerenga."

"Ndizikugwedezerani mutu."

"Inuyo? Poimba mumagwedeza mutu nyimbo yonse ngati nkhuku yojompha mpunga. Nditembenuza masamba onse tisanafike pakati."

Mayi Remedios adayang'ana phazi la amuna awo. Adakankhira chopondera pambali.

"Ikani phazi lanu pamenepa. Ndikaliponda, tembenuzani."

"Mayi, nsapato zatsopanotu izi!"

"Walira mvula walira matope. Ikani."

Zitseko zidatseguka, anthu adaimirira, limba lidayamba. Pakutha pa tsamba loyamba chidendene cha mayiwo chidatsika ndi mphamvu ya zaka makumi anai za ukwati. A Dionisio adameza kulira kwawo, chala chidakhudza galasi, tsamba lidatembenuka. Amayi a kwaya adabisa nkhope m'mipango, mapewa akugwedezeka. Pofika tsamba lachinai awiriwo adali atamvana ngati ng'ombe zozolowera goli limodzi, ndipo Jovelyn adafika paguwa mawu omaliza a limba akumveka, osadziwa kanthu.

Kuphwando, anthu akudya nkhumba yootcha, a Consuelo, mkulu wa kwaya, adafika pa tebulo lawo.

"Achemwali, chopondera chatsopanochi mudachigula kuti? Sichifuna mabatire, koma ndaona chikutsimphina."

"Ndidachitola kalekale, chosamalizidwanso," adatero mayi Remedios. "Mpaka lero ndikuyeserabe."

A Dionisio adaseka nawo, akusisita phazi pansi pa tebulo. "Sekani lero. Mu Seputembala eni ake akonza zonse, mudzandithokoza."

"Tidzakuthokozani ndithu," adavomera akazi awo, akuwaikira nyama m'mbale. "Koma kufikira tsikulo, Misa yoyamba Lamulungu lililonse, kwaya Lachitatu, ndiponso maliro akagwa, malo anu ndi pambali pa limba."

Bamboyo adawerenga masabata pa zala, zala zidatha masabata asanathe. Sadatsutse, pakuti mwamuna wolakwa amene adziwa mwambo salimbana ndi chilango choyenera. Lolemba m'mawa adapita kumsika, nagula jombo zolimba za alimi a mpunga.