Mawu a Amayi Atapendekeka

Dzina loti Tsabola anamupatsa ndi amayi ake ali wamng'ono, ndipo sanaphonye. Mwana ameneyu akapsa mtima, ngakhale galu wa aneba ankalowa pansi pa benchi. Anakula, anaphunzira, anakhala mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, koma kuwawa kwake sikunathe ayi.

Tsono Tsabola analemba buku. Linali lonena za amayi ake, telala amene analera ana anayi ndi makina osokera amodzi pakhonde la sitolo ya eniake. Zonse anazilemba m'Chingerezi, kupatula mawu otuluka pakamwa pa amayiwo. Amenewo anawasiya mmene ankawalankhulira, chifukwa atayesa kuwatembenuza ankamveka ngati a mayi wina wamuofesi wovala nsapato zagogoda. "Imirira bwino, ndingakubaye." "Yachepa ndi nsalu, osati nzeru zanga." Ndi aja amene anakula akumulira m'makutu: "Iwe Tsabola, uzimva kaye." Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: amayi ake, maso asanatheretu, adzagwire bukulo n'kudziona okha mmenemo, ali ndi ulemu wawo wonse.

Akampani yosindikiza atatumiza mapepala oyeserera kuti awaone buku lenileni lisanatuluke, Tsabola anathamangira nawo kwa amayi ake asanawatsegule n'komwe. Anawaika pathebulo lodulirapo nsalu, pakati pa sizasi ndi choko, n'kulowa kuseri kukatereka madzi a tiyi. Pobwera anapeza amayi atavala magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi, chala chikudumphadumpha papepala, akuseka okhaokha. Amayiwo sukulu anailekeza koyambirira. Chilankhulo chawo ankawerenga, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, koma Chingerezi ayi, olo liwu limodzi.

Tsabola anasuzumira paphewa pawo, ndipo kapu inatsala pang'ono kumupulumuka. Mawu onse Achingerezi anali chilili, owongoka bwinobwino. Koma mawu a amayi ake, paliponse pamene anali, anali opendekeka ngati mpanda wodyeka ndi chiswe.

"Wachita zimenezi ndani?" anatero akutsomphola mapepalawo.

"Iwe, ndikuwerengatu ine!"

"Musaone izi amayi, alakwitsa."

"Alakwitsa pati? Tabwera ndikuonetse…"

Koma Tsabola anali atafika kale pamsewu, tiyi atamusiya pomwepo.

Ofesi ya mkonzi wa mabuku inali pamwamba pa sitolo ya penti, kachipinda kodzaza makatoni, fani ikungozungulira koma mphepo osamveka. Mkonziyo anali bambo waulemu wopitirira muyezo, wa anthu aja amakupsetsa mtima kwambiri chifukwa choti sakweza mawu.

"Khalani pansi, aphunzitsi."

"Ndikhala mukandiuza chimene amayi anga akulakwirani."

Bamboyo anayang'ana pamene chala cha Tsabola chinaloza, n'kumwetulira. "Aa, zilembo zopendekekazi? Palibetu cholakwika apa. Inu mumaphunzitsa Chingerezi, mukudziwa. Dzina la buku, la nyuzipepala, la sitima yapamadzi, timapendeketsa. Liwu lofuna kulitsindika, chimodzimodzi. Kale pataipilaita munthu ankangotseka mzere kunsi, wosindikiza n'kudziwa kuti apa ndipendeketse. Ndiye mawu achilendo nawonso…"

"Achilendo?"

"Ndikutanthauza amene si Achingerezi."

"Achilendo kwa ndani, bambo?"

Abale inu, pali mawu ena amene munthu amangolavula osaona kuti agwera pa ndani! Mayi amene anapindika msana pamakina kuti mwana wake adziwe Chingerezi chomwechi, lero akhale mlendo m'buku lonena za iye yemwe? Lamulolo Tsabola ankalidziwa, inde, ankalilemba pabolodi chaka ndi chaka. Koma ankaliphunzitsa pa timawu ta Chifalansa ndi ta Chilatini, osati pa amayi ake omubereka.

Mkonzi uja anakoka chimtanthauziramawu chonenepa pashelefu. Anafotokoza modekha kuti m'Chingerezi muli mawu ambiri ochokera kwina, koma akazolowereka n'kulowa m'bukumo, amaima chilili ngati anzawo.

"Oo! Ndiye amayi anga adikire pageti mpaka chibuku chanucho chiwapatse chilolezo?"

"Si choncho, aphunzitsi. Kungoti owerenga ena angasokonezeke."

"Asokonezeke! Ine ndasokonezeka ndi Chingerezi chawocho kuyambira ndili ndi mamina m'mphuno, ndani anandipendeketsera? Amayi anga awerama mokwanira, bambo. Aweramira makasitomala, aweramira mwini sitolo, aweramira singano. M'buku muno aima chilili, apo ayi bukulo ndibwezereni."

Bamboyo anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuyang'ana kudenga kwa kanthawi. "Kodi mayi anuwo mwawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Ngati akufuna kunyozedwa?"

Mkonzi anapumira m'mwamba, n'kulemba kenakake pakona pa tsamba loyamba. Anati mawuwo awawongola, ngakhale kuti sanachitepo choncho chiyambire ntchito. Tsabola anamukankhira mapepala oyeserera aja, amvekere, "Awa muyatsire moto." Anatsika masitepe ali nyang'anyang'a, ndipo nkhaniyi anaifotokoza kwa aphunzitsi anzake mpaka ena anayamba kuthawa akamuona akubwera ndi kapu yake ya tiyi.

Amayi ake anafunsapo kangapo kuti mapepala aja ali kuti. Iye ankangoti, "Dikirani lenilenilo, mudzaona."

Lenilenilo linabwera m'mawa wina, likununkha inki ndi guluu, pachikuto pali chithunzi cha makina osokera. Tsabola anapempha mnzake kuti amugwirire kalasi, n'kupita nalo kukhonde kuja. Amayi anaimitsa phazi pamakina, anapukuta manja kawiri pa epuloni, n'kulilandira ndi manja awiri. Anavala magalasi. Anatsegula.

Chala chinaima pamwamba pa tsamba, osadziwa kolowera. Anatembenuza tsamba. Anatembenuza lina. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kutembenuza angapo nthawi imodzi, kenako anabwerera kumayambiriro. Tsabola anadikira kuseka kuja, koma sikunabwere.

"Ndili pati?"

"Muli monsemo, amayi."

"Wandichotsa."

"Ayi! Si apa? Onani, 'Imirira bwino, ndingakubaye.' Ndi apanso. Panopa mawu anu aima mofanana ndi Achingerezi, palibenso kusiyana. Ndinachita kukawamenyera nkhondo kuofesi kuja."

Amayi anaika bukulo pathebulo pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. Tsabola ankayadziwa mayang'anidwe amenewo. Kuwawa kwake konse kuja sanakutole pamsewu ayi.

"Nkhondo? Anakutuma ndani?"

"Amayi, anakupendeketsani ngati mlendo…"

"Tsono ine ndinadandaula kwa iwe? Pamapepala aja ndinkangoponya diso, mawu anga n'kundikodola okha. Ndinkadumpha Chingerezi chonsecho ngati matope, n'kukapeza pamene ndikulankhula ine. Ndinafika pamene ndinakalipira bambo uja wa thalauza lalifupi, ndinaseka mpaka misozi. Lero wandiveka yunifolomu yofanana ndi ana a eniake, wandiponya pakati pa chigulu, ndiye ukuti ndidzipeze ndi maso angawa? Ulusi pasingano akundilowetsera ndi anthu odutsa, iwe ukudziwa."

Tsabola anayang'ana buku lija pathebulo. Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni chimene sanachiyembekezere pa tsiku limeneli.

"Ndinakuitana tsiku lija kuti ndikuonetse," amayi anapitiriza. "Unali utafika kale pamsewu. Wapita kukandimenyera nkhondo ndi anthu osawadziwa, ine mwiniwake ndili pompano, pakamwa ndili napo. Ukuti iwo sanandilemekeze. Nanga iwe unandifunsa?"

Kasitomala wina amene anabwera ndi diresi m'pepala anaima chapatali, anamvetsera pang'ono, n'kubwerera mwakachetechete.

"Mabuku onse asindikiza kale, amayi. Sangabwezenso."

"Onsewo ndi a anthu, awerenge mmene akufunira. Ine langa ndi ili."

Anatsegula kadirowa ka makina, anafufuza pakati pa mabatani ndi mabobini, n'kutulutsa cholembera chofiira chimene ankalembera miyezo ya makasitomala. Anatenganso lula yawo yathabwa yoyezera nsalu, yakuda ndi manja m'mbali mwake. Zonse anaziika pamwamba pa buku latsopanolo.

"Khala apo. Paliponse pamene ndalankhula ine, utseke mzere kunsi. Wowongoka, osati zokhotakhota zako zija."

"M'buku latsopano, amayi?"

"Latsopano lomwelo."

Mphunzitsi wa Chingerezi uja, amene ankalanga ana akalemba m'mabuku a sukulu, anakhala pakampando ka makasitomala, buku pamaondo. Makina anayambanso kulira. Anatsegula tsamba loyamba, anatsitsa lula pang'onopang'ono kudutsa mizere ya Chingerezi chake chosalala, mpaka anafika pamene amayi ake akulankhula koyamba m'bukumo. Anawalemba yekha mawuwo, anawawerenga kambirimbiri pokonza, anawamenyera nkhondo pamwamba pa sitolo ya penti. Anagwira lula kuti isasunthe, n'kukoka mzere wofiira kunsi kwake: "Iwe Tsabola, uzimva kaye."