Nkhope ya Maame Pokuaa pa Maliro

Afriyie anali ndi digiri ya sayansi ya mankhwala, ndipo anaipachika m'kashopu kake mumsika wa Kumasi, pamwamba pa mabotolo a tona, madzi aja opukutira nkhope ukatha kusamba. Anzake pamzerepo ankagulitsa poona botolo limene kasitomala walikonda. Iye ayi, ankayeza. Ankadinda kapepala kopyapyala pamphumi pa munthu n'kukayang'ana padzuwa. Kakanyowa, khungu ndi la mafuta. Kakatsala koyera, ndi louma.

Chodabwitsa n'chakuti kwa miyezi isanu kapepalako kananyowa pa aliyense. Afriyie anayamba kukhulupirira kuti akazi a ku Kumasi amabadwa ndi khungu la mafuta, mpaka ankalota zodzalemba kafukufuku. Za chiwaya cha Konadu, amene ankakazinga nthochi pafupi ndi benchi yodikirira makasitomala, sanaziganizepo.

Lachiwiri lina, mphepo youma ya hamatani itayamba kung'amba milomo ya anthu, panafika Maame Pokuaa, amayi ake a Oduro, bwenzi la Afriyie. Abale a Oduro ankayenera kukagogoda kwa makolo a Afriyie mwezi wotsatira kuti akafunsire ukwati, koma popanda mawu a mayiwa palibe akanasuntha phazi. Ndipo mawuwo anali asanatuluke.

"Ndiwe uja wa sukulu zambiri?"

"Ndine, Amayi. Takhalani pabenchipo, ndimalize ndi awa."

Anakhala theka la ola akuyang'ana digiri ija, utsi wa chiwaya ukuwasisita kumaso.

"Loweruka kuli maliro a Tiwaa, mkazi mnzanga," anatero nthawi yawo itakwana. "Zaka makumi atatu takhala tikulimbirana mwamuna mmodzi. Ndikufuna ndikakhale kutsogolo nkhope ikuwala, anthu aone amene wapambana. Ndipatse tona ya maluwa a rozi, imene ndimagula masiku onse."

Wanzeru akanangokulunga botololo. Afriyie anatulutsa kapepala.

"Amayi, ya rozi ndi giliserini ndi ya khungu louma kapena losachedwa kuyabwa. Lanuli ndi la mafuta. Taonani nokha."

"Ine mafuta? Ndikaiwala kudzola tsiku limodzi ndimatuwa ngati ndagona mchigayo."

"Pepala silinama, Amayi."

"Mverani adokotala athuwa," Konadu analowerera akutembenuza nthochi. "Inenso anandipeza nawo mafuta. Ndinadabwa zedi."

Afriyie sanamve kuseka kumene kunali m'mawuwo. Anatsitsa botolo lobiriwira, la spiriti ndi asidi woumitsa ziphuphu, n'kulamula kuti azipukuta m'mawa ndi madzulo, ndipo mafuta odzola a shiya, amene ankawadalira, awasiye kaye. Maame Pokuaa anayang'ananso digiri ija. Inali ndi chidindo chagolide. Anatenga botolo.

Loweruka Afriyie anavala nsalu yofiira ndi yakuda n'kulowa pamzere wa anthu opereka moni kwa ofedwa. Ali patali anamva wolengeza akufuula pamaikolofoni.

"Abale, inu mumati akazi apamitala sakondana? Tamuonani Maame Pokuaa! Walira mkazi mnzake mpaka nkhope kusendeka!"

Mzere utayenda, Afriyie anawaona Maame Pokuaa. Masaya anali atatuwa n'kung'ambika, mphuno ikusendeka ngati chinangwa chowotcha, maso ali psuu, misozi ikungotsika yokha chifukwa mphepo inkaluma pamabalapo. Azichemwali a malemu anali atawazinga, wina akuwapukuta, wina akuwakupiza.

"Tinkakunenani, mayi, tikhululukireni," mmodzi ankatero. "Sitinkadziwa kuti mumtima munali chonchi."

Anawaimiritsa, anawakoleka nsalu ya malemu paphewa, ndipo ojambula makanema anathamangira pomwepo. Pofika madzulo, nkhope imeneyo inali itafalikira m'mafoni a mzinda wonse.

Afriyie anafunafuna pothawira, koma mzere wa pamaliro subwerera m'mbuyo. Anafika, anawerama, anapereka dzanja. Maame Pokuaa analigwira ndi manja awiri, mwachikondi, mpaka mphete zawo zinamulowa m'zala.

"Mwana wanga wa sukulu," ananong'ona. "Zaka makumi atatu ndasamala chidani changa, sichinachite ndi dzimbiri lomwe. Iwe masiku anayi okha wachiwononga. Ndidzafa anthu akuti ndinkamukonda Tiwaa."

"Amayi, mwina ndi mphepoyi. Khungu lina limakhala losakanikirana, pamphumi mafuta koma m'masaya..."

"Ukuphunzitsabe?"

Maame Pokuaa anapitiriza kunong'ona.

"Ukawauze bambo ako asavutike n'kubwereka mipando. Kulibe akubwera kudzagogoda."

Anamusiya dzanja, napukuta msozi wina ndi nsalu ya Tiwaa, n'kulandira moni wa munthu wotsatira.